Kalata yotseguka kwa atsogoleri a mayiko: kafukufuku wa tizitsulo ta m'nyanja zamchere asafere panjira

Kwa olemekezeka atsogoleri a mayiko, nduna zoona za sayansi, zachuma ndi zachilengedwe, akuluakulu a mabungwe opereka ndalama za kafukufuku, ndi nthumwi zonse za mayiko ku IOC, nthambi ya UNESCO yoona za nyanja zamchere.

Mabwana ndi madona, landirani moni wanga waulemu. Ndikudziwa kuti tsiku ndi tsiku mumalimbana ndi nkhani za nkhondo, njala, ngongole ndi miliri, ndipo imene ndabwera nayoyi ingaoneke yopepuka, pakuti ndi ya tizitsulo tosungunuka m'madzi timene diso silingaone. Komatu mukailekerera, odzalira ndi asodzi, amayi oyembekezera ndi ana amene sanabadwe. Ndalemba poyera kuti wowerenga aliyense aipatsire mnzake, mpaka ifike m'manja mwa amene ali ndi mphamvu yosainira ndalama ndi zilolezo.

Mu 2021 munatsegula zaka khumi za sayansi ya nyanja zamchere pansi pa United Nations, zimene zidzatha mu 2030. Malonjezo anali okoma. Koma lipoti la IOC la 2020 linali litaonetsa kale kuti pa ndalama zimene mayiko amaika ku kafukufuku, gawo lopita ku sayansi ya nyanja ndi pafupifupi 1.7 pa 100 alionse, chonsecho nyanjazi zakuta malo oposa 70 pa 100 a dziko lapansi. Chiyambire zaka khumizo taona sitima ya kafukufuku ikuimikidwa, mgwirizano wa ku Arctic ukuduka, ndipo ena akuthamangira kuthira zinthu m'nyanja ndi kukumba pansi pake. Ndi zimenezi zandilembetsa kalatayi.

Ndiloleni ndiyambe ndafotokoza chimene chili pangozi, poti si nkhani imene imamveka kawirikawiri m'nyumba za malamulo. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mchere wa magalamu pafupifupi 35. Koma ayironi wosungunuka ndi wosowa zedi: pamwamba pa madzi a kutali ndi gombe pamafunika malita oposa 18 miliyoni kuti mupezeke galamu imodzi yokha, ndipo m'madera ambiri ngakhale malita amenewo sakwanira. Pamwamba pomwepo ndi pamene pamakhala tizomera ting'onoting'ono toyandama totchedwa phytoplankton. Tizomerati timadyedwa ndi tizilombo ta m'madzi, tizilomboto timadyedwa ndi nsomba zazing'ono, mpakana kufika pa nsomba imene munthu amaika pamoto. Timatulutsanso pafupifupi theka la okosijeni amene zomera zonse zimapanga pa chaka. Popanda ayironi tizomerati timafota. Timafunanso zinki, manganese, kopa ndi cobalt, amene ali pakatikati pa vitamini B12, ndipo chilichonse chimafunika pa muyezo wake, pakuti kopa yemweyo akachuluka amasanduka poizoni.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, John Martin wa ku Moss Landing ku California anaonetsa kuti kuli madera aakulu kumene chakudya china cha zomera chilipo chambiri koma madzi sabiriwira, ndipo chosowa ndi ayironi basi. Maderawa ndi nyanja yozungulira Antarctica, Pacific ya pa equator, ndi kumpoto kwenikweni kwa Pacific. Iye anamwalira mu 1993, patatsala miyezi yochepa kuti anzake akathire ayironi pang'ono m'madzi pafupi ndi zilumba za Galápagos poyesa mfundo yakeyo. Atabwerezanso mu 1995, madzi anabiriwira moonekeratu. Popeza nyanja zimamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a carbon dioxide amene anthu timatulutsa, nkhani ya ayironi inakhalanso nkhani ya nyengo.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha kuti muwerenge mofatsa. Sitima yapamadzi ndi chitsulo chokhachokha. Ili ndi dzimbiri, penti, utsi ndi zingwe zachitsulo zopakidwa girizi. Kuyeza ayironi wochepa chonchi uli pa sitima yotere kunasocheretsa asayansi kwa zaka zambirimbiri, moti manambala ochuluka amene anasindikizidwa zaka za m'ma 1970 zisanafike kumapeto ankaonetsa litsiro la sitima ndi la mabotolo, osati nyanja. Clair Patterson wa ku yunivesite ya Caltech ku America, amene ankapeza mtovu paliponse pamene wayeza, ndiye anaumiriza anzake kuti aphunzire ukhondo wa mtundu wina. Lero madzi amatungidwa m'mabotolo okutidwa ndi Teflon mkati, omangiriridwa ku chimango cha titanium kapena chokutidwa bwino lomwe, chotsitsidwa ndi chingwe cha Kevlar, ndipo mabotolowo amatsegulidwira m'chipinda cha mpweya wosefedwa. Ndi chisamaliro chonsechi, nambala ya labotale imodzi siikhulupirika payokha. Munthu akakuuzani kuti ayironi wachepa m'dera lina poyerekeza ndi zaka 15 zapitazo, funso loyamba ndi lakuti, kodi yasintha ndi nyanja kapena asintha ndi manja a woyeza?

Funso limeneli silingayankhidwe ndi dziko limodzi, ngakhale lolemera chotani. N'chifukwa chake asayansi, pansi pa SCOR, komiti ya asayansi a mayiko osiyanasiyana yoona za kafukufuku wa nyanja, anakonza ntchito ya GEOTRACES yoyeza tizitsulo ta m'nyanja zamchere. Ndondomeko yake inatuluka mu 2006, koma asanayambe maulendo akuluakulu anachita chinthu chodzichepetsa chimene ine ndimachilemekeza kwambiri. Mu 2008 pafupi ndi Bermuda, ndi mu 2009 kumpoto kwa Pacific, anatunga madzi pamalo amodzi n'kuwagawira malabotale a mayiko osiyanasiyana, aliyense akayeze kwawo, kenako n'kuika manambala pamodzi kuti aone amene waphonya ndi chimene chamuphonyetsa. Anagwirizananso kuti njira za sitima zizidutsana, kuti sitima ya dziko lina ikafika pamene inzake inayezapo kale iyezenso, ndipo manambala a mbali ziwirizo aunikidwe asanalandiridwe. Ntchitoyi inatsegulidwa mu 2010, asayansi a mayiko oposa 35 atengamo mbali, ndipo zotsatira zake zinaikidwa pa intaneti kwaulere mu 2014, 2017 ndi 2021. Wophunzira wa dziko lililonse atha kuzitsegula osalipira kanthu.

Mungafunse kuti anthu apindula chiyani. Ndiyambe ndi mtovu. Pamene magalimoto ankayendera petulo wothira mtovu, utsi wake unkagwera m'nyanja, ndipo miyezo yotengedwa pafupi ndi Bermuda inaonetsa mtovu wochuluka m'madzi a pamwamba. America ndi mayiko a ku Ulaya atasiya petulo ameneyu, mtovu m'madziwo unatsika kwambiri. Dziko lomaliza kusiya linali Algeria, mu 2021. Uwu ndi umboni wogwirika wakuti lamulo labwino limachiritsa nyanja, ndipo ulipo chifukwa panali anthu oyeza chaka ndi chaka. Miyezo yomweyi yaonetsanso mtovu wambiri kumpoto kwa Indian Ocean ndi ku Pacific, wochokera ku malasha ndi mafakitale, pakuti mtovu umanyamula chizindikiro cha kumene wachokera.

Nkhani ya mercury ndiyo yoopsa kwa anthu. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2014 anapeza kuti mercury wa m'madzi a pamwamba wachuluka pafupifupi katatu chiyambire nthawi ya mafakitale. Wambiri amachokera ku kuotcha malasha ndi kukumba golide. Mabakiteriya a m'madzi amamusandutsa methylmercury, amene amaunjikana m'thupi la nsomba, kuchuluka kwake n'kumakwera pamene nsomba yaikulu ikudya yaing'ono, mpaka pa tuna ndi anamgumi. Ku zilumba za Faroe, kumene anthu amadya nyama ya anamgumi, madokotala anatsata ana kuyambira pobadwa ndipo anaona kuti mercury amene mayi wadya ali woyembekezera amasokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Pangano la Minamata, lochepetsa mercury, munalivomereza mu 2013 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2017. Nanga mudzadziwa bwanji kuti likuthandiza ngati palibe woyeza nyanja? Kumbukirani kuti malinga ndi FAO, anthu oposa 3 biliyoni amapeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mapuloteni awo a nyama kuchokera ku nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi.

Palinso zimene palibe ankaziyembekezera. Ulendo wa mu 2013 wochokera ku Peru kupita ku Tahiti unapeza kuti ayironi wotuluka m'akasupe otentha a pansi pa nyanja amayenda mtunda woposa makilomita 4,000, pamene kale ankaganiza kuti amagwa pansi pomwepo. Moto wolusa wa ku Australia wa mu 2019 ndi 2020 unatumiza utsi wokhala ndi ayironi kutali m'nyanja ya kumwera, tizomera n'kuchuluka pa dera lalikulu.

Tsopano madandaulo anga.

Loyamba ndi la sitima. Madzi a pa kuya kwa mamita 4,000 sangatungidwe ndi setilaiti. Pamafunika sitima, ndipo yaikulu imadya madola masauzande makumi angapo patsiku, ndiye nduna ya zachuma ikafuna podula, diso limagwera pomwepo. Mu 2025 bungwe la NSF la ku America, lopereka ndalama za kafukufuku, linalengeza kuti lisiya kubwereka sitima yoswa madzi oundana ya Nathaniel B. Palmer, imene inali itanyamulapo asayansi a GEOTRACES kupita ku Amundsen Sea, kumene madzi oundana a Antarctica akusungunuka mofulumira n'kumathira ayironi m'nyanja. Sitima yotere ikaima, wotaya si dziko limodzi, chifukwa manambala ake ankagwiritsidwa ntchito ndi onse. Ndipo chaka chimene sichinayezedwe chapita. Palibe ndalama imene ingadzagule madzi a chaka chimenecho. Onjezani apo kuti miyezo yambiri ya kumwera imatengedwa m'chilimwe, nyanja ikakhala yofatsa. Sitima ya South Africa ya S.A. Agulhas II yalimba mtima kupitako kangapo m'nyengo yozizira, ndipo ntchito yotere ikufunika kuthandizidwa ndi mayiko ambiri, osasiyira dziko limodzi.

Lachiwiri ndi la zitseko zimene ndale zatseka. Mu 2015 sitima za Healy ya America, Polarstern ya Germany ndi Amundsen ya Canada zinagawana nyanja ya Arctic m'nyengo imodzi, ndipo zinaonetsa kuti tizitsulo tochokera ku mitsinje ndi magombe a Siberia timatengedwa ndi madzi kudutsa pa North Pole. Mu March 2022, Russia italowa m'dziko la Ukraine ndi nkhondo, mayiko ena asanu ndi awiri a Arctic Council, bungwe la mayiko ozungulira nyanja ya Arctic, anaimitsa ntchito zawo za m'bungwelo. Sindikuchepetsa kuipa kwa nkhondoyi, ndipo oferedwa ndikulira nawo. Koma pafupifupi theka la gombe la Arctic lili m'manja mwa Russia, mitsinje ya Ob, Yenisei ndi Lena ikuthirabe m'nyanja, ndipo nthaka youndana ikusungunuka n'kumasula mercury amene anakwiririka kalekale. Akuluakulu amene anakhala pa mipando yanuyo kale anapeza njira pa nthawi yovuta kwambiri: mu 1959, udani wa America ndi Soviet Union uli pachimake, mayiko 12 kuphatikizapo awiriwa anasaina pangano la Antarctica, limene limalamula kuti zotsatira za kafukufuku zizigawidwa momasuka. Palinso zitseko zazing'ono zimene zimatsekedwa mwakachetechete. Pangano la malamulo a panyanja la 1982 limati wofuna kuchita kafukufuku m'madzi a dziko lina, mpaka makilomita pafupifupi 370 kuchokera pagombe, apemphe kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chilolezo chisachedwetsedwe kapena kukanizidwa popanda chifukwa chomveka. Pempho likagona mu ofesi, sitima imangodutsa osatunga, chonsecho m'mbali mwa gombe, monga ku Namibia ndi ku Peru, ndi mmene matope osowa okosijeni amatulutsira ayironi wambiri.

Lachitatu limandiwawa kuposa onse. Mgwirizanowu ndi wa mayiko ambiri, inde, koma sitima, zipinda zaukhondo ndi makina oyezera zaunjikana ku Ulaya, North America ndi mayiko ochepa a ku Asia ndi Oceania. Fumbi lodyetsa tizomera ta Atlantic limachokera ku Sahara, lambiri ku chigwa cha Bodélé ku Chad. Madzi a Benguela, kumwera chakumadzulo kwa Africa, ndi ena mwa madzi obereka nsomba kwambiri padziko. Koma mu Africa malo otha kuyeza tizitsulo ta m'nyanja pa muyezo umenewu ndi owerengeka, ndipo odziwika ndi a ku South Africa, monga a pa yunivesite ya Stellenbosch. Pangano la 1982 lija limapatsa dziko la eni madzi ufulu wokweza asayansi ake pa sitima ya alendo ndi wolandira zotsatira, ndipo ndime 254 imakumbukira ngakhale mayiko oyandikana amene alibe gombe. Koma kukweza munthu mmodzi woonerera, mabotolo onse n'kupita kunja, dzina lake n'kungolembedwa m'mawu othokoza, si mgwirizano umenewo. Wachinyamata amene waphunzira kutunga madzi mwaukhondo akabwerera kwawo n'kupeza kuti kulibe makina, kulibe asidi woyera wosungira madziwo, kulibe magetsi odalirika, luso lake limazilala kapena amasamuka. Wina amaitanidwa ku msonkhano koma chitupa cha visa chimatuluka msonkhano utatha. Mlanduwu uli mbali zonse ziwiri: mayiko olemera amene amapereka mpando koma osapereka zida, ndi maboma a mayiko osauka amene saika kalikonse ka sayansi ya nyanja m'bajeti, ati ndi nkhani ya azungu, pamene nsomba zikudyedwa ndi anthu awo.

Lachinayi ndi lalifupi. Manambala onsewa amasungidwa ndi kuunikidwa ndi anthu ochepa, ku likulu losungira manambala a nyanja la BODC ku Liverpool ku Britain ndi ku ofesi yolumikiza ntchito ya GEOTRACES ku Toulouse ku France. Opereka ndalama amakonda ntchito yatsopano ya zaka zitatu kapena zisanu, koma kusunga ndi kuunika ndi ntchito ya mibadwo.

Lachisanu ndi la changu cholakwika. Anthu ena atamva kuti ayironi amabiriwitsa nyanja, anaona msika. Mu 2012 kampani ina inathira matani pafupifupi 100 a mankhwala a ayironi m'nyanja kufupi ndi zilumba za Haida Gwaii ku Canada. Izi zinachitika patangopita zaka zitatu asayansi a India ndi Germany atayesa zomwezo mosamala kumwera kwa Atlantic mu ntchito ya LOHAFEX, n'kupeza kuti tizomera tinachulukadi koma tinadyedwa ndi tizilombo, carbon womira pansi n'kukhala wochepa. Ayironi wothiridwa pano amachititsanso kuti tizomera timalize chakudya china chimene madzi akanachitengera ku madera akutali, kumene asodzi ena amadalira. Mu 2013 mayiko a m'pangano la London Protocol, loona za kutaya zinthu m'nyanja, anavomereza kusintha kwa lamulo koletsa kuthira kotere kupatula pa kafukufuku wovomerezeka, koma patatha zaka khumi kusinthako kunali kusanayambe kugwira ntchito chifukwa mayiko osainira anali ochepa. Chimodzimodzi kukumba miyala pansi pa nyanja. M'dera la Clarion-Clipperton, pakati pa Hawaii ndi Mexico, muli timiyala ta manganese, nickel, cobalt ndi kopa, timene timakula mamilimita ochepa pa zaka miliyoni imodzi. Makina okolola timiyalati adzavundula matope, zitsulo n'kulowa m'madzi. Ngati muyezo wa lero sunatengedwe ndi anthu oima paokha, mawa kampani idzati madzi anali choncho kale, ndipo palibe adzaitsutse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Boma lililonse lokhala ndi sitima ya kafukufuku lisaiimike lisanakonze yolowa m'malo, ndipo lidziwitse mayiko ogwira nawo ntchito nthawi ikadalipo, kuti malo oyezedwa kwa zaka zambiri asasowe wowayendera.

2. Muike ndalama za zaka zosachepera khumi za kusunga manambala, kuyerekeza malabotale ndi kukonza madzi a chitsanzo amene onse amayezerapo makina awo. Ntchito imene idzalowe m'malo mwa GEOTRACES iyambe kukonzedwa panopa, anthu odziwa asanabalalike.

3. Kusinthana miyezo ya nyanja, makamaka ya ku Arctic, kupatulidwe ku mikangano ya mayiko, motsatira chitsanzo cha pangano la Antarctica.

4. Mapempho a kafukufuku m'madzi anu ayankhidwe m'nthawi imene pangano la 1982 limanena. Ndipo inu eni madzi gwiritsani ntchito ufulu wanu wonse: tumizani asayansi enieni pa sitimazo, itanitsani zotsatira, ndipo muzipereke ku mayunivesite anu m'malo mozitsekera m'kabati ya unduna.

5. Pangano la BBNJ la 2023, loteteza zamoyo za m'nyanja kunja kwa malire a mayiko, lili ndi gawo lonse lonena za kuphunzitsa anthu ndi kugawana zida za sayansi ya nyanja. Gawo limeneli lioneke ndi maso: malabotale aukhondo a chigawo mu Africa, m'zilumba za Pacific ndi za Caribbean, okhala ndi ndalama zokonzera makina akawonongeka ndi malipiro a amisiri owayendetsa, pakuti makina opanda mmisiri amangochita fumbi. Asayansi a mayiko amenewa akhale nawo pokonza mafunso a kafukufuku kuyambira pachiyambi, ndipo visa ya woitanidwa ku ntchito ya sayansi izituluka msanga.

6. Mayiko amene sanasainire kusintha kwa 2013 kwa London Protocol asainire. Bungwe la International Seabed Authority ku Kingston ku Jamaica, loyang'anira pansi pa nyanja kunja kwa malire a mayiko, lisapereke chilolezo chokumba pansi pa nyanja mpaka miyezo ya tizitsulo ta m'deralo itatengedwa ndi asayansi osalipidwa ndi wokumbayo, ndi kuikidwa poyera kuti aliyense aione.

Ndikupempha kuti yankho lanu lisakhale la pa msonkhano wa atolankhani lokha. Nduna iliyonse ikaima m'nyumba ya malamulo kupereka bajeti ikubwerayi, itchule ndalama zimene yaika ku sayansi ya nyanja ndi mfundo ziti mwa zisanu ndi imodzizi zimene boma lake lavomera. Aphungu, atolankhani ndi aphunzitsi amene mwawerenga kalatayi, kafunseni funso limeneli kwa nduna ya kwanu.

Ine wanu mwaulemu,
Wokhudzidwa ndi za nyanja zamchere